Kalata yotseguka kwa olemba malamulo a zomangamanga: chimene chingagwere munthu chilowe m'kaundula

Kwa nduna zoona za malo ndi zomangamanga, akuluakulu a makhonsolo, mabungwe a mainjiniya, ndi nonse amene mumalemba ndi kusunga malamulo a kamangidwe,

Olemekezeka,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani kale, ndipo ikanakhala nkhani ya mapepala chabe sindikanakuvutitsani. Ndine mmisiri wa zomangamanga. Kalatayi ndailemba poyera dala kuti amve nawo anthu amene amagona, kuphunzira ndi kugwira ntchito m'munsi mwa zimene ife timamanga.

Dandaulo langa lili pa masamba oyamba a malamulo anu, paja pamene mumalongosola matanthauzo. Ambiri timangopadumpha pothamangira za chilolezo. Komatu pamenepo ndi pamene mumagamula kuti chomangidwa n'chiyani. Chimene mwachisiya kunja sichifunsidwa pulani, injiniya sachiona, woyendera sachipondako, ndipo tsiku limene chagwa ofesi iliyonse imaloza chala inzake.

M'mabuku ambiri zomangidwa zimagawidwa pawiri. Mbali ina kuli nyumba, ndipo kagawidwe ka bungwe la Eurostat, loona za ziwerengero ku Ulaya, kamati nyumba ndi chinthu chofoleredwa, chomangidwa kuti chikhalitse, chimene munthu angalowemo, choteteza anthu, ziweto kapena katundu. Mbali inayo kuli misewu, njanji, milatho, madamu, mapaipi, nsanja ndi zina zotere. Nawo akatswiri oyeza nyumba zazitali ali ndi lamulo lawo: kuti chinthu achitche nyumba, theka la kutalika kwake likhale ndi zipinda zogwiritsidwa ntchito. N'chifukwa chake Burj Khalifa ya ku Dubai, ya mamita 828, ili pa mndandanda wa nyumba, pamene Tokyo Skytree ya mamita 634 amaiika pa nsanja. Palibe amene anavulalapo ndi mikangano yotereyi. Vuto limayamba pamene kagawidwe kopangidwira kuwerenga chuma ndi kukhometsa msonkho kasanduka kogamulira kuti woyendera apite kuti ndipo asapite kuti.

Choyamba ndidandaule za zinthu zimene anthu anaunjika okha koma lamulo limaziona ngati phiri lachilengedwe. Ku Aberfan, mudzi wa migodi ya malasha ku Wales, zotsalira za mu mgodi ankazitayira pa phiri, kumtunda kwa mudzi. Mulu wachisanu ndi chiwiri unatalika mamita 34, ndipo mbali ina unakhala pamwamba pa akasupe amene ankaoneka bwinobwino pa mapu. Khonsolo ya m'deralo inali italembera kale makalata bungwe la malasha kudandaula za matope kuseri kwa sukulu. Pa 21 Okutobala 1966, mvula itagwa kwa masiku ambiri, mulu uja unasanduka matope n'kutsetsereka, ndipo unakwirira sukulu ya Pantglas ana atangolowa kumene m'kalasi. Anafa anthu 144, ndipo 116 mwa iwo anali ana. Ofufuza a boma anapeza bungwe la malasha lija, National Coal Board, lolakwa, koma anapezanso kuti m'dzikomo munalibe lamulo loona za kulimba kwa milu yotere. Malamulo a migodi ankasamala za munthu amene ali pansi pa nthaka. Muluwo sunali nyumba, sunali mgodi, sunali damu. Lamulo lake linalembedwa mu 1969, maliro atayikidwa kale.

Patapita zaka zoposa makumi asanu, pa 25 Januwale 2019, zofanana nazo zinachitika ku Brumadinho m'dziko la Brazil. Damu la mamita 86 la kampani ya Vale, losungira matope a mgodi wa chitsulo, linagumuka nthawi ya nkhomaliro n'kukokolola maofesi ndi chipinda chodyera cha antchito zimene zinamangidwa kumunsi kwake. Anafa anthu 270. Damu lotere silimangidwa kamodzi ngati damu la madzi. Amalikweza pang'onopang'ono, khoma latsopano n'kukhala pa matope omwewo amene likutchinga, ndipo matopewo akadzaza madzi amatha kusungunuka mwadzidzidzi. Limeneli linali m'kaundula, ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo kampani yoyendera inali italemba kuti n'lolimba. Kaundulayo ankanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwayi woti ligwe ndi wochepa, koma likagwa lidzaononga kwambiri. Amene anasiya anthu kudyera kumunsi kwake anawerenga mzere woyamba wokha.

Milu ya zinyalala za m'mizinda nayonso ili m'gulu lomweli. Wa ku Koshe mu Addis Ababa unagumuka mu Malichi 2017 n'kupha anthu oposa 100, ndipo wa ku Hulene mu Maputo unakwirira nyumba mu Febuluwale 2018. Ndani mwa inu, olemekezeka, amasaina kuti mulu wa zinyalala wafika polekezera?

Chachiwiri ndi zinthu zimene mumazitcha zakanthawi kapena zazing'ono. Mawu akuti "chakanthawi" akangolembedwa pa fomu, zitseko zonse zimatseguka. Pa 13 Ogasiti 2011, pa chionetsero cha boma la Indiana ku America, mphepo inagwetsa denga la zitsulo la siteji, lolemedwa ndi magetsi ndi zokuzira mawu, pa anthu odikira zoimbaimba. Anthu 7 anafa. Zinadziwika pambuyo pake kuti malamulo a bomalo sankalamula kuti siteji yotere iyenderedwe, popeza inali yoti idzaphwasulidwa chionetsero chikatha. Chitsulo chimene chaimikidwa kwa sabata imodzi chimalemera chimodzimodzi ndi chimene chaimikidwa kwa zaka makumi asanu, ndipo nthawi zambiri anthu okhala pansi pake pa sabata imodziyo ndi ochuluka kuposa amene angalowe m'nyumba wamba chaka chonse.

Nkhani ya ku Ghatkopar mu mzinda wa Mumbai ndiyo ndikupempha muiganizire mofatsa. Pa 13 Meyi 2024 chikwangwani chotsatsira malonda chinagwera malo omwetsera mafuta a galimoto, pamene anthu anabisala mphepo ndi mvula, n'kupha anthu 17. Khonsolo ya mzindawo imalola chikwangwani chosapitirira mamita 12 m'litali ndi 12 m'lifupi. Chimene chinagwacho chinali cha mamita pafupifupi 36 mbali zonse ziwiri. Mbali iliyonse ikakula katatu, nkhope imene mphepo imaomba imakula kasanu ndi kanayi. Kuwonjezera apo, liwiro la mphepo likakwera kawiri, mphamvu yake pa nkhopeyo imakwera kanayi, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa mizati yochepa ndi maboti a m'maziko. Chinthu chachikulu chonchi sichibisika, aliyense wodutsa pa msewu ankachiona. Koma malo ake anali m'manja mwa apolisi a njanji, ndipo khonsolo inati chilolezo sichinachokere kwa iyo. Chikwangwani chinali cha ofesi ya malonda, malo anali a ofesi ina, kulimba kwake kunalibe mwini.

Mipanda ndiye sitiiwerengera n'komwe. Pa chivomezi cha ku Osaka pa 18 Juni 2018, khoma la mabuloko la pa sukulu ina ku Takatsuki linagwera mtsikana wa zaka 9 ali pa ulendo wa kusukulu. Pamodzi ndi maziko ake linali lalitali mamita 3.5, pamene lamulo la ku Japan limalola 2.2. Ngati zimenezi zinachitika m'dziko limene limasamala kwambiri za zivomezi, kuli bwanji kumene mpanda sutchulidwa m'lamulo?

Chachitatu: dzina limene nyumba inapatsidwa tsiku lolandira chilolezo limakhalabe pa pepala, koma ntchito ya nyumbayo imasintha. Injiniya akamalemba pulani amayamba wafunsa kuti m'nyumbamo mudzachitika chiyani, chifukwa yankho lake ndilo limagamula kukula kwa mizati ndi kuchuluka kwa zitsulo za mu konkire. Pa miyezo imene imagwiritsidwa ntchito ku America, pansi pa nyumba yogona amawerengera katundu wa makilogalamu pafupifupi 200 pa sikweya mita iliyonse, ofesi pafupifupi 250, fakitale ya zinthu zopepuka pafupifupi 600. Tsono ofesi ikasanduka fakitale, konkire ndi yomwe ija.

Ndi zimene zinachitika ku Rana Plaza, ku Savar m'dziko la Bangladesh. Nyumbayo anailembera pulani ya mashopu ndi maofesi. Kenaka anawonjezera nsanjika zina popanda chilolezo, analowetsamo mafakitale asanu osoka zovala, n'kukwezanso majenereta olemera m'mwamba. Pa 23 Epulo 2013 ming'alu inaoneka m'mizati. Banki ndi mashopu a pansi anatseka, koma osoka zovala anauzidwa kuti m'mawa abwere ku ntchito. Pa 24 Epulo nyumba yonse ya nsanjika zisanu ndi zitatu inagwa. Anafa anthu 1,134 ndipo pafupifupi 2,500 anavulala. Mafakitale asanu sagwira ntchito mobisa. Analembetsa mabizinesi awo, anakokeredwa magetsi, ankatumiza katundu kunja. Maofesi ambiri ankadziwa kuti pamalopo pali fakitale, koma nkhaniyo sinafike pa pepala lonena za mizati.

Ku Oakland m'boma la California, nyumba yodziwika kuti Ghost Ship inali yolembedwa kuti ndi yosungiramo katundu. Munkagona anthu, munkachitika maphwando, ndipo makwerero opita m'mwamba anali okhomedwa ndi matabwa a mapaleti. Moto wa pa 2 Disembala 2016 unapha anthu 36. Katundu safuna khomo lothawira, n'chifukwa chake lamulo la nyumba yosungiramo katundu silifunsa zambiri za makomo.

Chachinayi ndi malire a manambala. Ndikumvetsa kuti lamulo liyenera kulekeza penapake, apo ayi khola la nkhuku lingamafune injiniya. Ku America malamulo oyendera milatho anabwera mlatho wa Silver Bridge utagwera mu mtsinje wa Ohio pa 15 Disembala 1967 n'kupha anthu 46, ndipo amawerengera mlatho wa pa msewu wopitirira mamita 6.1. Bungwe la ICOLD, la akatswiri a madamu a m'maiko osiyanasiyana, limati damu lalikulu ndi la mamita 15 kupita m'mwamba, kapena la pakati pa mamita 5 ndi 15 losunga madzi oposa makyubiki mita 3 miliyoni. Manambalawa ali ndi ntchito yake. Koma amayeza chinthucho, sayeza amene ali pansi pake. Damu la dothi la pa munda wina ku Solai m'dziko la Kenya litaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018, linapha anthu oposa 40 m'midzi ya kumunsi. Mlatho wa oyenda pansi wa ku Morbi ku India sunkanyamula galimoto, koma utaduka pa 30 Okutobala 2022, patangopita masiku anayi chiutsegulireninso, anafa anthu osachepera 135, ndipo akuluakulu a tauniyo ananena kuti sanapereke chikalata chotsimikiza kulimba kwake.

Ndipo ife omanga, kunena chilungamo, timadziwa kuzemba manambala. Nditengere khoma lotchinga dothi pa malo otsetsereka. Malamulo ambiri a ku America safuna chilolezo ngati silikupitirira mamita 1.2 ndipo silikusenza katundu wina pamwamba pake. Ndiye munthu wofuna kutchinga mamita atatu amasanja makoma atatu, lina kuseri kwa linzake, lililonse lochepera pa malirewo, lapansilo n'kumasenza awiri onse apamwambawo. Wofunsa palibe, popeza fomu sinapite ku ofesi. Mphamvu ya dothi pa khoma imakwera kanayi kutalika kukawonjezeka kawiri, ndipo madzi akasowa potulukira imakwera koposa pamenepo. Mukaima pafupi ndi khoma lotere nyengo ya mvula, yang'anani m'munsi mwake. Ngati timabowo totulutsira madzi tatsekeka kapena palibiretu, ngati mng'alu ukukwera motsata mizere ya njerwa, ngati pakati patukuka ndipo pamwamba pakuweramira kwa inu, khomalo layamba kale kugwa. Kawirikawiri kumunsi kwake kumakhala nyumba ya munthu amene khomalo si lake, amene sanafunsidwe polimanga.

Nkhani yomweyi inaoneka ku England. Malamulo okhwima a zotchingira kunja kwa makoma ankayambira pa nyumba za mamita 18. Moto wa ku Grenfell Tower mu London utapha anthu 72 mu Juni 2017, mu Novembala 2019 kunapsanso nyumba yogona ophunzira ku Bolton, moto n'kuyenderera m'zotchingira za kunja kwa makoma ake, ndipo nyumbayo inali yongopereweza pang'ono pa mamita 18. Mwamwayi onse anatuluka amoyo.

Chachisanu chili mbali inayo ya nkhaniyi, ndipo chimandiwawa mwapadera. Bungwe la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, limati anthu oposa biliyoni imodzi amakhala m'malo osakonzedwa ndi boma. Nyumba zawo m'mabuku anu zimalembedwa kuti "zosakhalitsa" kapena "zosavomerezeka", ngakhale banja litakhalamo mibadwo iwiri. Mwini wake akafuna uphungu wa kamangidwe, ngalande ya madzi kapena ngongole, amauzidwa kuti chimene wamangacho si nyumba. Tsiku logwetsa likafika, chomwecho chimasanduka chomangidwa chophwanya lamulo. Ku Zimbabwe mu 2005, lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama pa ntchito ya boma yogwetsa nyumba zotere yotchedwa Murambatsvina. Kugawa nyumba poyang'ana zipangizo zokha nakonso kumasocheretsa. Mzikiti waukulu wa ku Djenné ku Mali ndi wa dothi ndipo waima kuyambira 1907, pamene Rana Plaza inali ya konkire ndi zitsulo. Dziko la New Zealand linalemba miyezo ya kamangidwe ka nyumba za dothi mu 1998. Dothi lomangidwa bwino, la maziko okwera ndi denga lotuluka kunja, limakhalitsa. Chimene anthuwa akusowa ndi lamulo lowaphunzitsa zimenezo, loti angathe kulitsata ndi ndalama zimene ali nazo.

Sindikupempha chinthu chachilendo, olemekezeka. Mainjiniya anu akudziwa kale kagawidwe kotsata zimene zingachitike chinthu chikagwa. Miyezo ya ku Ulaya ya Eurocode imaika nyumba za pa munda zimene anthu salowamo kawirikawiri pa gulu lotsika, nyumba zogona ndi maofesi pakati, mabwalo a masewera ndi maholo akuluakulu pamwamba. Ya ku America ya ASCE 7 ili ndi magulu anayi, zipatala zolandira ovulala ndi malo a ozimitsa moto zili pa gulu lachinayi. Brumadinho itachitika, mu 2020 kunatuluka muyezo wa dziko lonse lapansi wogawa madamu a matope a migodi m'magulu asanu motsata kuopsa kwa kugumuka kwake. Nzeruyi ilipo, kungoti imagwira ntchito pa zinthu zimene zadutsa kale pa chipata cha matanthauzo. Mulu, chikwangwani, mpanda ndi siteji zimatsalira panja.

Choncho ndikupempha mwaulemu izi:

1. Lembaninso tanthauzo la chomangidwa kuti likhudze chilichonse chimene anthu amanga, aimika, akumba kapena aunjika, chimene chikagwa, chikagumuka kapena chikapsa chingaphe munthu, kaya chili ndi denga kaya chilibe, kaya chikhala tsiku limodzi kaya zaka zana. Zimene mukufuna kuzimasula pa chilolezo muzitchule mayina chimodzichimodzi, m'malo mozisiya kunja mwakachetechete.

2. Gulu la chomangidwa lizitsata anthu amene ali mkati, pansi ndi kumunsi kwake, osati kutalika kokha. Gululo liziunikidwanso zinthu zikasintha. Damu laling'ono limene linali pa thengo silikhalanso laling'ono kumunsi kwake kukamangidwa sukulu.

3. Chomangidwa chilichonse choopsa chikhale ndi mwini wodziwika ndi ofesi imodzi yoyankha za kulimba kwake, ngakhale malowo atakhala a njanji, a mgodi, a asilikali kapena a boma lenilenilo. Mayina amenewa, pamodzi ndi tsiku limene chinayenderedwa komaliza, akhale m'kaundula amene munthu aliyense angawerenge, ndipo alembedwenso pa chinthucho.

4. Kusintha ntchito ya nyumba kapena kuwonjezera nsanjika kuzitengedwa ngati kumanga kwatsopano. Ofesi yopereka chilolezo cha bizinesi ndi kampani yokoka magetsi a mafakitale zisamavomereze zisanaone chikalata cha injiniya chonena kuti nyumbayo ingathe kusenza ntchito yatsopanoyo.

5. Chakanthawi chilichonse chimene pansi pake pasonkhane anthu chizikhala ndi tsiku lochichotsa, dzina la wochiyendera, ndi liwiro la mphepo limene likakwana anthu azichotsedwa popanda kudikira ganizo la wokonza mwambo.

6. Malipoti a oyendera azipita ku ofesi yanu mwachindunji, osati kwa mwini chinthu yekha amene akuwalipira. Ming'alu ikaoneka m'mizati, wantchito akhale ndi ufulu wokana kulowa popanda kudulidwa malipiro.

7. Nyumba za m'malo osakonzedwa muziziwerenga ngati nyumba. Lembani malangizo osavuta a maziko, makoma ndi madenga, m'zilankhulo zimene omangawo amalankhula, ophatikizapo dothi, matabwa ndi nsungwi. Pamene malowo ndi oopsadi, monga m'munsi mwa mulu kapena m'njira ya madzi, anthu auzidwe nthawi ilipo ndipo apatsidwe kopita asanagwetseredwe.

Ndikudziwa yankho limene libwere, lakuti oyendera ndi ochepa ndipo ndalama palibe. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake pempho lachiwiri lili lofunika kwambiri: oyendera ochepawo asamathere nthawi pa khonde limene munthu wawonjezera pa nyumba yake pamene chikwangwani cha pa mphambano sichinaonedwepo ndi aliyense. Pempho loyamba ndi lachitatu sizifuna simenti kapena galimoto zatsopano, zikufuna msonkhano ndi siginecha zanu.

Poyambira, ndikupempha kuti ofesi iliyonse mwa inu ilengeze poyera, nyengo ya mvula ndi mphepo isanafike, kuti mwa zinthu zisanu izi ndi ziti zimene zili m'manja mwake: milu ya zinyalala ndi ya m'migodi, madamu a m'minda, zikwangwani za m'misewu, mipanda ya sukulu, ndi milatho ya oyenda pansi. Chimene chisowe ofesi yochivomera, nduna itiuze kuti yachipereka kwa ndani.

Ndine wanu mwaulemu,
Mmisiri wa zomangamanga